Netiweki ikuvuta m'nyumba? Yambani mwaona phiri, malata ndi mitengo musanagule foni ina

Nyumba imene ndimachita lendi ku Chilomoni ili kunsi kwa kachitunda, ndipo miyezi yoyambirira nditangolowa ndinkangoti basi foni yangayi yatha. Uthenga wa pa WhatsApp umakhala ndi kawotchi kaja mpaka tulo kundigwira, vidiyo ndiye osayerekeza n'komwe, kumangozungulira. Koma ndikangotuluka kukwera kumsewu kukagula tomato, mauthenga onse amagwa ngati matalala, foni kumangolira m'thumba mpaka amayi ogulitsa aja kumandiseka. Ndinatsala pang'ono kukagula foni ina ku Limbe, chinandipulumutsa ndi chakuti mwezi umenewo ndalama kunalibe. Vuto silinali foni, silinalinso bandulo. Linali chitunda chija, malata, ndi mtengo wa mango wa aneba. Ndiye ngati kwanu zikuchitika zomwezi tsatirani zimene ndilembe apazi, zambiri sizifuna ndalama, zimangofuna kuyenda ndi foni m'manja ngati munthu wosokonezeka kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Kaye timvetsetsane chimene tikulimbana nacho. Netiweki ndi mafunde a wailesi ochokera pa nsanja zija timaziona zofiira ndi zoyera, ena amati tawala. Mafundewa amakonda njira yowongoka, ngati kuwala kwa tochi. Akakumana ndi phiri sadutsa, amangopindika pang'ono pamwamba pake n'kutsikira kutali, ndiye amene muli kuseri kwenikweni kwa phirilo muli mu mthunzi, mukungotola nyenyeswa. N'chifukwa chake ku Blantyre kuno, kumene tazunguliridwa ndi Michiru, Ndirande, Soche ndi Mpingwe, nyumba ziwiri za mu mzere umodzi ina imagwira bwinobwino ina ayi, pomwe ku Lilongwe kapena ku Chikwawa kumene ndi kwa see nsanja imodzi imafika patali. Chinanso chimene ambiri sachiganizira, foni nayonso imayenera kuyankha nsanjayo, ndipo mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, pa 4G nthawi zambiri siposa mawati 0.2. Nsanja ili ndi mawu aakulu, foni yanu ikungonong'ona. Ndiye mukaona kuti mauthenga akulowa koma chithunzi chikukana kupita, dziwani kuti inu mukuimva nsanjayo koma iyo sikukumvani.

Choyamba, siyani kukhulupirira timizere tija ta pakona pa sikirini. Timizere timeneti kampani iliyonse yopanga mafoni imaika mmene yafunira, timizere titatu pa Tecno si timizere titatu pa Samsung. Chofunika ndi nambala. Pa foni ya Android lowani mu Settings, pitani pa About phone, kenako Status kapena SIM status, mupeza polembedwa Signal strength ndi nambala yokhala ndi mayinasi kutsogolo, kumapeto kwake dBm. Mafoni ena amatsegula zimenezi mukaimba *#*#4636#*#*, a Samsung ambiri ndi *#0011#, a iPhone ndi *3001#12345#* ndipo pamenepo muyang'ane polembedwa RSRP. Ngati zakuvutani ikani apu ngati Network Cell Info Lite kapena Opensignal, imaonetsa nambala yomweyo osavutika kufufuza.

Kawerengedwe kake n'kosokoneza tsiku loyamba chifukwa cha mayinasi uja. Nambala ikayandikira ku ziro ndiye kuti zili bwino. Pa 4G, -80 ndi netiweki yamphamvu zedi, -90 mpaka -100 ndi yabwino yoti mutha kuonera vidiyo, ikamafika -110 zayamba kuvuta, -120 ndiye kwatsala ndi kuduka. Ndipo musapeputse kusiyana kwa manambala ochepa, masamu ake si a ku golosale. Kusiyana kwa 3 kokha ndiye kuti mphamvu yawirikiza kawiri, kusiyana kwa 10 ndi kakhumi. Ine kuchipinda kwanga inali -117, pa windo la kukhitchini -104, ukaziona ngati zofanana eti, koma pamenepo ndiye kuti pawindopo mphamvu ndi yochuluka ka 20. Onetsetsani kuti mukuyerekeza zofanana, nambala ya 4G ndi inzake ya 4G, chifukwa foni ikatsikira pa 3G kapena pa E (imene ndi 2G) muyezo wake ndi wina.

Chachiwiri, pezani kumene kuli nsanja yanu. Tulukani panja, kwerani pamalo okwera, muyang'ane mbali zonse, usiku zimaoneka bwino chifukwa zambiri zimakhala ndi getsi lofiira pamwamba. Funsaninso a kabaza kapena anyamata a pa sitolo, amadziwa pamene pali tawala kuposa mapu. Koma chenjerani, nsanja imene mukuiona si nthawi zonse imene foni yanu ikulankhula nayo, mwina ndi ya kampani ina, mwinanso mbale zake zapenya kwina. Nsanja zambiri zimakhala ndi ma antena atatu opatulirana mbali zitatu, ndipo amawaweramitsa pang'ono kuti aloze kumene kuli anthu, ndiye zimatheka munthu wokhala patsinde penipeni pa nsanja kumagwira mofooka kuposa amene ali mamita 300 kutsogolo kwake. Njira yosavuta ndi kuzungulira nyumba yanu panja mukuona nambala ija, kutsogolo, kuseri, mbali iyi ndi inayo. Mbali imene nambala yakwera, kutanthauza kuti yayandikira ku ziro, ndi kumene netiweki ikuchokera, nyumba yanu yomweyo ndi imene ikutchinga mbali inayo.

Mukadziwa mbaliyo imani pamenepo muone chimene chili pakati pa inu ndi nsanja. Apa mpamene pagona nkhani yonse ndiye ndichedwepo.

Ngati ndi phiri kapena chitunda, palibe kuchitira mwina koma kukwera m'mwamba kapena kusaka nsanja ina ya mbali ina. Anthu a kumudzi izi anazitulukira kalekale osaphunzitsidwa ndi munthu, mudzi ulionse uli ndi chulu chake kapena mtengo wake umene anthu amakaimbirapo foni, mpaka pamapangika kanjira. Nyumba za m'chigwa, m'mbali mwa dambo kapena mtsinje ndi zimene zimavutika kwambiri chifukwa mafunde amadutsa pamwamba pawo. Madera ngati Thyolo, Nkhata Bay, kunsi kwa phiri la Zomba kapena mbali zina za Mulanje, kumene Sapitwa wafika mamita 3,002, nkhani ndi yomweyi, kampani itha kunena kuti dera lonselo kuli netiweki ndipo sikunama, koma kakhwawa kanu inu kali mu mthunzi. Ndipo sikuti mukangoona nsonga ya nsanja ndiye kuti zatheka, mafunde amafuna mpata wotakasuka pang'ono mozungulira njira yawo, akamakhula nsonga ya chitunda kapena madenga a anzanu amafika atafooka. Pachifukwa chimenechi kukwera mita imodzi kapena awiri okha nthawi zina kumasintha zinthu modabwitsa.

Ngati ndi mitengo, makamaka ya masamba othithikana ngati mango kapena nkhalango ya bulugama, imadya netiweki ndithu, chifukwa masamba ali ndi madzi ndipo madzi amamwa mafunde amenewa. Anthu amati mvula ikagwa netiweki imathawa. Zoona zake madontho a mvula paokha sachita zambiri pa mafunde a foni, si ngati dishi ya TV imene chithunzi chimathawa kukangochita mdima. Chimene chimachitika ndi chakuti masamba anyowa, makoma anyowa, mitengo yaphukira yadzadza, mwinanso magetsi azima ku nsanjako ndipo ikuyendera mabatire. Ndiye ngati mu Okutobala zinali bwino koma mu Januwale zavuta, yang'anani mitengo. Sindikuti mukadule mango a aneba, mungayambane zosatha, ingosunthani inuyo mupeze mpata.

Kenako nyumba yeniyeniyo. Malata ndi chitsulo, ndipo chitsulo chimabweza mafunde ngati kalilole, ndiye kuchokera kudenga sikulowa kanthu, netiweki yonse ya m'nyumba ya malata imalowera m'mawindo, m'zitseko ndi m'makoma. Nyumba yofolera ndi udzu pankhani iyi yokha imaposa ya malata, musaseke. Khoma la njerwa zootcha lopaka pulasitala limachepetsa, la konkire yokhala ndi zitsulo mkati limachepetsa kwambiri, ndipo khoma lililonse lowonjezera likudyanso gawo lake, ndiye chipinda chapakati chimene chazunguliridwa ndi zipinda zina chimakhala manda a netiweki. Mawindo nawonso si onse abwino, gozi wa waya woletsa udzudzu uja ngati ndi wachitsulo amatchinga, zitsulo zoletsa akuba zikathithikana zimachepetsanso, magalasi ena othimbirira a nyumba zamakono ali ndi kansalu kachitsulo kosaoneka ndi maso. Onjezani mpanda wautali wa njerwa, geti lachitsulo, thanki yamadzi, kontena imene wina waika kutsogolo kwanu, zonsezo zikuwerengedwa.

Chachitatu, lowani m'nyumba ndi pepala ndi cholembera. Zimitsani Wi-Fi, foni ikhale pa data, ndipo imani pa windo lililonse, pakhomo, pakhonde, pakona iliyonse. Pamalo alionse dikirani kamphindi ndithu, theka la miniti kapena kuposa, chifukwa nambala ija sisintha pompopompo. Lembani. Kenako pamalo omwewo kwezani dzanja m'mwamba kapena kwerani pa mpando, lembaninso. Foni muigwire ndi zala kumapeto, osaifumbata, dzanja lanu ndi thupi lanu nazonso ndi madzi, ndipo musaime pakati pa foni ndi windo. Muzadabwa kuti kusuntha pang'ono chabe, ngakhale kutalika kwa rula ya kusukulu, nambala ikusintha. Si ufiti, mafunde akagunda malata ndi makoma amabwerera n'kumakumana okhaokha, pena amathandizana pena amaphana, ndipo poti kutalika kwa funde limodzi pa 900 MHz (MHz ndi muyezo wosiyanitsira mitundu ya mafunde) ndi masentimita 33 okha, pa 1800 MHz pafupifupi 17, malo abwino ndi oipa amakhala moyandikana choncho. Ndinapeza kuti pa windo langa la kukhitchini mbali ya kumanzere m'mwamba ndi bwino, kumanja pansi pamene ndimaika sopo palibe chilipo.

Windo labwino si nthawi zonse limene lapenya ku nsanja. Nthawi zina netiweki imakafika pa khoma la nyumba yaitali kapena pa phiri la kuseri kwanu n'kubwerera, ndiye mumaipeza mbali imene simumayembekezera. Khulupirirani nambala osati maso.

Chachinayi, yesani nthawi zosiyana musanagamule mlandu. Pamalo abwino aja yesani m'mamawa cha m'ma 5 koloko, masana, ndi madzulo cha m'ma 8. Ngati nambala ili bwino, tinene -90, m'mawa zikuthamanga koma madzulo zikukwawa, ndiye kuti phiri lilibe mlandu, ndi kuchulukana kwa anthu pa nsanja imodzi, aliyense waweruka ali pa TikTok ndi Facebook ndipo mukugawana mphika umodzi. Pamenepo antena kapena kukwera padenga sikuthandiza kwenikweni, chothandiza ndi kusintha nthawi yodawunilodi zinthu zikuluzikulu kapena kuyesa kampani ina. Koma ngati nambala ili yoipa usana ndi usiku, ndiye nkhani ndi ya malo, pitirizani.

Chachisanu, bwerekani simu ya kampani inayo. Ngati muli pa TNM yesani Airtel, ngati muli pa Airtel yesani TNM, mu foni yomweyo pamalo omwewo. Apa si nkhani yoti iyi ndi yabwino kuposa iyo, ndi nkhani yoti ndani ali ndi nsanja mbali imene kwanu kwatseguka. Mnzanu wa ku Area 25 akamakuuzani kuti yakutiyakuti ndiye yothamanga, akunena za kwawo. Yesaninso kusintha mu Settings pa Preferred network type. Foni ikakhala pamalire imangodumphadumpha, 4G, H (imene ndi 3G), E, 4G, ndipo nthawi iliyonse ikadumpha intaneti imaima. Pena kuikakamiza pa 4G kumathandiza chifukwa 4G yofooka imatha kuposa 3G yooneka yodzadza, pena ndi 3G imene imakhazikika. Kungoti mukaitsekera pa 4G yokhayokha ndipo foni yanu ilibe VoLTE, njira yoimbirana kudzera pa 4G, anthu akamakuimbirani sakupezani, ndiye mukamaliza mubwezeretse.

Pali chifukwa chake 4G imathawa m'nyumba n'kusiya E. Mafunde apansi ngati 800 ndi 900 MHz amafika patali, amapindika bwino pa zitunda ndipo amalowa makoma, pomwe apamwamba ngati 1800, 2100 ndi 2600 MHz amanyamula data yambiri koma amafooka msanga. Za 5G ndiye zambiri zili pa mafunde okwera kuposa pamenepa, kuseri kwa phiri musaiyembekezere.

Amene mumakhala kumalire, ku Mchinji, ku Mwanza, mu msewu wa Dedza ndi Ntcheu umene mbali inayo ndi Mozambique kale, kapena ku Likoma, pali msampha wina. Phiri likatchinga nsanja ya kwathu foni imatha kukagwira ya dziko loyandikana nalo chifukwa ndi imene ikuoneka bwino, makamaka kunyanja poti pamadzi palibe chotchinga ndipo mafunde amayenda mtunda wautali. Zikatero bandulo yanu sigwira ndipo mayunitsi amapita ngati madzi. Zimitsani Data roaming, ndipo pa Network operators musankhe nokha kampani yanu m'malo mosiya pa Automatic.

Chachisanu ndi chimodzi, malo abwino mwawapeza, tsono simungamagone pa windo la kukhitchini. Nzeru yake ndi yakuti chogwira netiweki chikhale pamenepo, inu muzilandira kudzera pa Wi-Fi kulikonse m'nyumbamo. Ngati muli ndi MiFi kapena rauta ya simu, tizida tija tolowa simu n'kumagawa intaneti pa Wi-Fi, ikani pamalo aja, m'mwamba, osati pansi kuseri kwa TV kapena mu kabati poopa ana. Ngati mulibe, foni yakale yosweka sikirini koma ya 4G imagwira ntchito yomweyo, ikani simu ya data, yatsani hotspot, isiyeni pawindo. Ine ndinakhoma msomali pa felemu n'kupachika MiFi m'kathumba ka nsalu, mlendo aliyense amafunsa ngati ndi chithumwa. Zoti musamale ndi ziwiri, dzuwa ndi mbava. Batire la MiFi likamawombedwa ndi dzuwa kwinaku lili pa chaji tsiku lonse limatupa, ndipo chinthu chopachika pawindo lotsegula chimakoledwa ndi ndodo usiku umodzi wokha. Musaikenso mu siling'i kunsi kwa malata poganiza kuti ndi m'mwamba, kumeneko kukutentha ngati uvuni komanso malata aja akutchinga. Wi-Fi nayonso imavutika ndi makoma, ndiye ngati rauta yanu ili ndi 2.4 GHz ndi 5 GHz, kuzipinda zakutali gwiritsani ya 2.4.

Ngati m'nyumba monse mulibe pabwino koma panja pa mtunda pang'ono nambala ikukwera, yesani izi musanawononge ndalama. Mangani MiFi kapena foni ya hotspot ija kunsonga kwa nsungwi yaitali, mangani zolimba ndithu, ikwezeni kupitirira denga, inu muli pansi ndi foni ina mukuyesa liwiro. Ngati pa mamita asanu kapena asanu ndi limodzi zinthu zasintha kwambiri, ndiye kuti antena yapanja ikuthandizani. Ngati sizinasinthe musagule, mungotaya ndalama, antena siipanga netiweki pamene palibe, imangotola imene ilipo.

Pogula antena yambani mwaona ngati rauta yanu ili ndi pomangira, kuseri kumakhala timabowo tiwiri tamazinga totchedwa SMA, ma MiFi ena ali ndi tating'ono ta TS-9, ambiri alibiretu. Timakhala tiwiri chifukwa 4G imalandira ndi ma antena awiri nthawi imodzi, ndiye gulani ya nthambo ziwiri. Kwa amene muli kutali kapena mukusuzumira pa mpata wa phiri, yabwino ndi yoloza mbali imodzi, kaya ya bokosi lafulati kaya yooneka ngati minga ya nsomba, ndipo poimanga muzitembenuza pang'onopang'ono wina ali pansi akukuwerengerani nambala, pamene yakwera kwambiri mangani pomwepo. Onaninso pa bokosi kuti ikugwira mafunde osiyanasiyana kuyambira cha m'ma 700 mpaka 2700 MHz. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi nthambo, amagula yaitali yopyapyala yotchipa mamita 20, phindu lonse la antena n'kuthera mu nthambomo. Nthambo ya antena ikhale yaifupi, rauta isendere kufupi ndi mlongoti, ndipo ngati mukufuna intaneti ifike kutali m'nyumba kokani nthambo ya Ethernet, ija yolumikiza rauta ndi kompyuta kapena rauta ina, imeneyo imayenda mpaka mamita 100 osataya kanthu. Polumikizira nthambo panja kulungani ndi tepi kuti madzi asalowe. Ndipo mlongoti wachitsulo wotalika kuposa denga nyengo ya dzinja ndi kuitana mphenzi, pezani wodziwa zamagetsi aulumikize ndi waya wopita mu nthaka, kukayamba kugunda zulani nthambo ku rauta. Poukweza yang'anani mawaya a magetsi ali pafupi, anthu amafa ndi zimenezi.

Za ma booster otchipa a pa intaneti aja, amene amati mukangolumikiza nyumba yonse idzadza netiweki, ine sindikulimbikitsani. Chida chimenecho chimaulutsa pa mafunde amene kampani inapatsidwa ndi MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mauthenga, ndipo chikakhala chosalongosoka kapena choikidwa molakwika chimasokoneza nsanja yonse, aneba anu onse n'kumavutika chifukwa cha inu. Ngati mwafika poti mukuchifunadi, yambani mwafunsa kampani yanu ndi a MACRA ngati n'chololedwa. Timasitika tomata kuseri kwa foni toti timakoka netiweki ndiye bodza lenileni, ndalama imeneyo bola mugule chiwaya.

Zonse zikakanika pitani ku ofesi ya kampani yanu kapena imbani, koma musangoti netiweki ikuvuta, aliyense amanena zomwezo. Tengani pepala lanu lija, auzeni dera, chizindikiro chapafupi ngati sukulu kapena tchalitchi, manambala a panja ndi a m'nyumba, ndi nthawi imene munayesa. Mukapita angapo a dera limodzi, kapena kudzera kwa amfumu ngati ndi kumudzi, zimamveka kuposa munthu mmodzi, pena amangofunika kutembenuza kapena kudzutsa pang'ono antena imodzi pa nsanja imene ilipo kale. Pepala langa lidakali pa chitseko cha kabati, ndinawonjezerapo nambala ina mwezi watha aneba atasadza nthambi ziwiri za mango aja poopa kuti zigwera galimoto, pawindo paja pano pakumafika -99.